Chitseko Chimene Sitingadzitsekulire Tokha

  

Ndiyambe ndi agogo anga aakazi, amayi awo a mayi anga. Iwowa sanapondeko m'kalasi, ndipo posayina ankadinda chala. Ndili mu Sitandade 5, ntchito yanga madzulo inali yowawerengera Buku Lopatulika. Tinkakhala pamphasa pakhonde, koloboyi ili pamwamba pa mtondo wovundikira, utsi wa palafini ukundilowa m'maso. Tsiku lina ndinali pa Luka mutu 15, nkhani ya mwana wolowerera. Ndinkawerenga mothamanga monga amachitira ana asukulu. Nditafika pamene bambo uja akuona mwana wake akali patali n'kumuthamangira, agogo anandigwira bondo.

"Taima kaye, mwanawe. Wati wathamanga ndani?"

"Bambo ake aja, agogo."

"Munthu wamkulu kuthamanga, mudzi wonse ukuona?"

Anakhala duu kwa kanthawi. Kenako anati, "Ndiye kuti maso ake ankakhalira kunjira tsiku ndi tsiku." Sananenenso china. Koma pakhomo pathu panali dzina limene silinkatchulidwa, la mwana wawo wamwamuna amene anapita ku Halale kukagwira ntchito n'kutchona, osalemba kalata, osabwera ngakhale pa maliro a bambo ake. Agogo anali atalumbira kuti alibe mwana wotero. Usiku womwewo anandiuza kuti nding'ambe pepala pakati pa kope langa, ndilembe zimene andiuze.

Chinachitika n'chiyani pamphasa paja? Wodziwa zilembo ndinali ine. Nkhaniyo sinali yachilendo kwa agogo, anali ataimvapo kutchalitchi kangapo konse. Buku linali lomwelo, mawu omwewo, wowerenga kamwana kosadziwa kanthu. Koma usiku umenewo mawu amene kale ankangogogoda n'kubwerera analowa mpaka kuchipinda. Baibulo lili nalo dzina la chinthu chimenechi. Limati ndi kutsekulidwa, ndipo limanenanso wotsekulayo.

Luka, amene analemba Uthenga Wabwino wachitatu ndi buku la Machitidwe a Atumwi, ali ndi liwu lina la Chigriki limene amalikonda, lakuti dianoigo. Si kutsekula kwa pang'ono kongosuzumirira ayi, koma kutsekula mpaka chitseko chikagunde khoma. M'mutu 24 wokha wa Uthenga wake liwuli likupezeka katatu, ndipo ndikufuna tiyende nalo pang'onopang'ono.

Tsiku limene Yesu anauka, ophunzira awiri anachoka ku Yerusalemu kupita kumudzi wa Emau. Mmodzi dzina lake ndi Kleopa, winayo satchulidwa. Mtunda wake unali pafupifupi makilomita 11, ngati kuchoka pano pa Mchinji Boma wapansi kukafika kumalire a Zambia. Taganizani anthu awiri akuyenda mtunda umenewo nkhope zili zakugwa. Mlendo anawapeza n'kuwafunsa zimene ankakambirana, iwo n'kumufotokozera zonse: za mneneri wa ku Nazarete, za kupachikidwa kwake, za amayi amene anapeza manda ali apululu m'mamawa. Onani bwino pamenepa. Anthu awa sanasowe nkhani. Ngakhale za manda opanda mtembo anali atazimva. Malembo anawadziwa kuyambira ali ana m'sunagoge. Zonse anali nazo, koma zinali ngati nkhuni zambiri zopanda luzi lomangira mtolo. Chinawatsekera n'chakuti anali atagamula kale zimene Mulungu ayenera kuchita. Ankafuna mpulumutsi woti apirikitse Aroma, ndipo m'maganizo otero mtanda unalibe malo.

Yesu sanafulumire kudziulula. Anayamba wawafunsa, n'kuwamvetsera mpaka amalize, kenako n'kuwadzudzula kuti mitima yawo inali yolemera kukhulupirira. Atatero anawayendetsa m'mabuku a Mose ndi a aneneri, kuwaonetsa kuti Khristu anayenera kudzera m'masautso. Imeneyi inali sukulu yeniyeni, ya maola angapo, fumbi lili kumapazi. Atafika ku Emau dzuwa litapendeka, iwo anamuumiriza kuti agone konko. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo akanamulola kupitirira akanatsala ndi phunziro lokha osamudziwa mphunzitsi. Pakunyema buledi m'pamene maso awo anatsekuka. Pambuyo pake anakumbutsana kuti mitima yawo inkayaka panjira paja pamene ankawatsekulira Malembo. Usiku womwewo, ali pamodzi ndi ophunzira ena ku Yerusalemu, Luka akuti Yesu anatsekula nzeru zawo kuti amvetse Malembo. Amenewa ndi anthu amene anayenda naye, kudya naye, kumva maulaliki ake ndi makutu awo, koma anafunikabe kutsekulidwa. Ngati zinali choncho kwa Petro ndi Yohane, nanga ife ndani kuti tiziyesa kuti satifiketi ya sukulu ya Baibulo ikwanira?

Tsopano tiwoloke nyanja tipite ku Filipi, m'dera la Makedoniya, cha m'chaka cha 50. Machitidwe mutu 16 akutiuza za mayi wina dzina lake Lidiya. Ndimamukonda mayi ameneyu chifukwa kuno ku Mchinji timawadziwa anzake. Kwawo kunali ku Tiyatira, m'dziko limene lero ndi Turkey, koma malonda ake ankachitira ku Filipi, m'dziko limene lero ndi Greece. Ankagulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali. Anali mayi wa geni yodumpha malire, ngati amayi athu amene amalawirira ku Chipata kukaoda zitenje n'kudzagulitsa mumsika muno. Munthu wotere sapusitsika. Amadziwa kusiyanitsa nsalu yeniyeni ndi yosuluka pongoikhudza ndi zala, ndipo mawu okoma a wogulitsa sawatengera pamgong'o. Pa Sabata anali kumtsinje kunja kwa mzinda, kumene amayi ankasonkhana kupemphera. Paulo anakhala pansi n'kuyankhula nawo. Amayi analipo angapo, onse anamva mawu amodzimodzi, koma za Lidiya Luka akuti Ambuye anatsekula mtima wake kuti asamalire zimene Paulo ankanena.

Apa pali kusiyana kumene ndikufuna alaliki anzanga tikugwire. Mutu wotsatira, wa 17, liwu lomwe lija likugwiritsidwa ntchito pa Paulo ali ku Tesalonika, kumene kwa masabata atatu ankatsekulira anthu Malembo m'sunagoge. Ndiye kuti kutsekula buku, kulifotokoza, kulumikiza mneneri ndi Uthenga, ndi ntchito imene Mulungu anaipereka m'manja mwa anthu. Koma mtima wa Lidiya, Luka sakunena kuti anautsekula ndi Paulo. Paulo anali ndi pakamwa, Lidiya anali ndi makutu ndi miyendo yomufikitsa kumtsinje, koma kiyi anali kwa Ambuye.

Ntchito yathu ija yotsekula buku si yaing'ono, ndipo m'dziko muno anthu anaikhetsera thukuta. Buku Lopatulika limene ndinkawerengera agogo linatuluka lathunthu mu 1922, patapita zaka pafupifupi 20 William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndi anzake, azungu ndi Amalawi, akulimbana ndi liwu lililonse. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ntchito imene anaitsogolera bambo Louis Villy. Mu 1998 kunabwera Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi m'Chichewa chimene timayankhula lero. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene anati, popeza Mzimu ndiye amatsekula, tiyeni tisiye anthu azimvera m'Chingerezi kapena m'Chilatini. Anadziwa kuti Mzimu amagogoda m'chinenero chimene munthu anayamwira. Mdindo wa ku Itiyopiya, m'Machitidwe mutu 8, anali ndi mpukutu wa Yesaya m'manja, akuwerenga mokweza m'galeta lake, koma anavomera yekha kuti popanda womutsogolera sangamvetse. Mzimu sanamunong'oneze tanthauzo m'khutu. Anatuma Filipo kuti athamangire galetalo.

Kuno kwathu tili ndi mboni ina ya pafupi. Kumalire uko kuli Kachebere, kumene a White Fathers anatsekula mishoni mu 1903, ndipo mu 1939 panayamba seminale yaikulu yosula ansembe. Pamenepo panaphunzitsapo Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua wobadwa mu 1933, amene anakaphunzira za Baibulo mozama ku Rome. Mu 1972 anakhala episkopi wa Lilongwe, dayosizi imene Mchinji ili m'kati mwake, ndipo anaika mtima wake wonse pa miphakati, kuti Akhristu azikumana m'midzi mwawo m'timagulu tating'ono kumva Mawu ndi kuthandizana. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timagulu timeneti, ndipo mu 1976 iye anachoka m'dziko muno. Ali kunja analemba nkhani imene inasindikizidwa mu 1991 m'buku lotchedwa Voices from the Margin, yonena za Baibulo pakati pa Amalawi osadziwa kuwerenga. Nkhawa yake inali yakuti odziwa zilembo asasanduke eni ake a Baibulo, osankhira anzawo zoti amve ndi tanthauzo loti alandire, pamene anthu osawerengawo ali ndi makutu akuthwa, mitu yosunga mawu, nyimbo ndi luso lofotokoza nkhani. Munthu wophunzira chotere, wodziwa Chihebri ndi Chigriki, anaona kuti gogo wa pamphasa si mlendo pa Mawu a Mulungu. Nditamva za nkhani yakeyo ndinakumbukira dzanja lija pabondo langa.

Ichi si chiphunzitso cha mpingo umodzi, ndipo n'chifukwa chake ife a mipingo yosiyanasiyana tingakhale m'chipinda chimodzi lero. John Calvin, amene a CCAP amamudziwa bwino, anayerekeza Malembo ndi magalasi amene amathandiza munthu wa maso ofooka kuona bwino, koma anaphunzitsanso kuti munthu satsimikiza mumtima kuti ndi Mulungu akuyankhula mpaka Mzimu Woyera atachitira umboni m'kati mwake. Msonkhano wa Vatican wachiwiri, m'chikalata chake cha Dei Verbum cha mu 1965, unanenanso kuti chikhulupiriro chimafuna Mzimu wogwedeza mtima ndi kutsekula maso a nzeru, ndiponso kuti Malembo aziwerengedwa mwa Mzimu yemweyo amene anawalembetsa. Pa zambiri timasiyana, koma apa tonse tili chogwada.

Nanga chimene chimatseka mtima n'chiyani? Ine pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Mawu ndaona kuti kawirikawiri si umbuli. Zilipo ndime zovuta ndithu, ndipo Petro yemwe anavomera kuti m'makalata a Paulo muli zina zozunguza mutu. Koma ndime zimene zimatikanika kwambiri ndi zomveka bwino zija. Lamulo lakuti ukhululukire mbale wako mulibe liwu lofuna dikishonale. Chovuta ndi malire a munda amene munakanganirana chaka chatha, ndi mawu amene mlamu wanu ananena pamaliro. Lamulo la miyeso yolungama mwana wa Sitandade 3 angalimve, koma limamveka movutikira kwa munthu amene sikelo yake yogulira soya ndi mtedza anaikonza kuti izibera mlimi. Timamva ndithu, koma mtima umadziwiratu mtengo wake wa kumvako, ndiye umakhoma chitseko msanga. Ena chinawatseka ndi chisoni, monga aja a ku Emau. Anapempherera mwana wodwala, mwana n'kumwalira, ndipo kuyambira pamenepo Baibulo likawerengedwa amangomva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana nayo. Anthu otere musawakalipire. Yesu anayenda nawo mpaka ku Emau asanawaonetse nkhope yake.

Augustine, wa ku North Africa, anali katswiri wa zoyankhulayankhula, ndipo ali mnyamata Baibulo analinyoza kuti ndi lolembedwa mosakoma. Ku Milan anayamba kupita kukamvera episkopi Ambrose, poyamba kungofuna kuona luso la kulalika kwake. Pang'onopang'ono mafunso a m'mutu mwake anayankhidwa, koma moyo wake wakale anaukakamirabe. Mu 386, ali m'munda akulira, anatola makalata a Paulo n'kuwerenga ndime ya pa Aroma 13, ndipo kukayika kwake kunathera pomwepo. Tikamakamba nkhaniyi timathamangira kumunda kuja, n'kuiwala maulaliki onse a Ambrose ndi misozi ya zaka zambiri ya mayi ake, Monica. Tsiku lotsekula linali limodzi, koma ogogoda analipo kalekale.

Pano ndiyenera kunena mawu owawa pang'ono, chifukwa chiphunzitso chokomachi ena achisandutsa chibonga. Alipo amene amati, "Ine Mzimu wanditsekulira," ndipo akatero safunanso kufunsidwa. Amatola vesi imodzi, kuidula mutu ndi miyendo, n'kuigulitsa ngati chithumwa. Ena afika pouza odwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala, ngakhale ma ARV, ati posonyeza chikhulupiriro, ndipo tanyamula maliro amene sanayenere kuchitika. Zimenezi zimandiwawa kwambiri. Mzimu amene analembetsa Malembo sangatsekule mtima wa munthu kuti akane zimene Malembowo akunena. Luka yemwe uja anayamikira anthu a ku Bereya chifukwa ankafufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona. Ngati Paulo analola kufufuzidwa, mneneri wa lero akukana chifukwa chiyani? Ku Emau, Malembo atatsekuka, anthu aja anaona Khristu wopachikidwa ndi wouka. Mtsogoleri akakutsekulirani Baibulo inu n'kuonamo iye yekha, ulemerero wake ndi thumba lake, dziwani kuti chatsekuka ndi china.

Kutsekulidwa kwenikweni kumaoneka ndi zotsatira zake, ndipo Luka sabisa. Awiri a ku Emau, amene ankauza mlendo kuti kwada, ananyamuka usiku womwewo kubwerera ku Yerusalemu kwa abale awo amene anawasiya. Lidiya atabatizidwa anaumiriza Paulo ndi anzake kuti akakhale kunyumba kwake, ndipo Paulo ndi Sila atatuluka m'ndende, kunyumba komweko n'kumene anakakumana ndi abale. Mtima unatsekuka kumtsinje, kenako chitseko cha nyumba n'kutsekukanso. Inu atsogoleri a milaga ndi miphakati, mukafuna kudziwa ngati Mawu akulowa m'gulu lanu, musawerenge amene amalira popemphera. Onani ngati mayi wamasiye wa m'dera lanu denga lake lafoleredwa mvula isanagwe.

Tsono ife tichite chiyani, popeza kiyi sali m'manja mwathu? Ena amati ngati wotsekula ndi Mulungu, basi tingokhala. Ayi. Lidiya anapita kumtsinje. Mdindo uja anawerenga ngakhale sankamva, ndipo sanachite manyazi kufunsa. Wolemba Salimo 119, munthu wokonda malamulo a Mulungu kuposa tonsefe, pa ndime 18 akupemphabe kuti maso ake atsekulidwe, ndipo pemphero limeneli ndi loyenera kukhala pakamwa pathu tisanatsekule chikuto. Werengani mokweza kunyumba, kuti ana ndi agogo amve. Werengani ndime yonse, osati kavesi kamodzi. Mukawerenga pagulu, musathamangire kumasulira, siyani kaye kachetechete, ndipo funsani amene sayankhulayankhula aja kuti amva chiyani. Mudzadabwa.

Kwa inu abusa ndi makatekisiti amene mwatopa, amene mwalalikira zaka zambiri pampingo umodzi osaona kusintha, ndikupatseni chitsanzo chimene mlimi aliyense wa kuno akuchidziwa. Mtedza umachita maluwa achikasu pamwamba, poonekera. Duwa likafota, pamatuluka kansonga kamene kamaweramira pansi n'kuboola dothi, ndipo mtedzawo umakakhwimira mumdima, m'kati mwa mzere. Wodutsa panjira amangoona masamba. Mlimi wanzeru sazula phando lililonse sabata ndi sabata kuti aone ngati zikubereka. Amapalira, amakwezera dothi kuti likhale lofewa, n'kudikira miyezi yake. Ulaliki wanu wa Lamulungu ndi duwa lija. Limafota msanga, pofika Lachiwiri anthu aiwala mutu wake. Koma simudziwa kansonga kamene kalowa pansi mwa munthu amene anakhala kumbuyo kwenikweni osanena kanthu. Mtolo woti mutembenuze mitima simunapatsidwe inu. Tulani umenewo, munyamule wanu, wokonzekera bwino ndi kunena zoona momveka.

Mwina mukufuna kudziwa za kalata ija. Agogo anandiuza mawu ochepa kwambiri. Anati ndilembe kuti iwo akali moyo, kuti nyumba ikalipo, ndi kuti mtengo wa mango umene iye anabzala ali mwana wayamba kubereka. Za maliro a bambo ake sanatchule. M'mawa mwake tinapita nayo kupositi ofesi, pa adiresi yakalekale imene munthu wina wobwera kuchokera kumeneko anatipatsa. Yankho silinabwere, chaka chimenecho ngakhale zaka zotsatira. Koma kuyambira usiku umenewo, popemphera tisanagone, agogo akamatchula ana awo mmodzimmodzi, ankatchula asanu m'malo mwa anayi. Umo ndi mmene ine ndinamvera koyamba dzina la amalume anga, ndipo agogo analitchula usiku uliwonse mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda.

 Ndipemphe abusa atitsogolere m'pemphero tisanagawike m'magulu kukawerenga Luka 24.